Chisamba Chopanda Mimba

Ndinakwatiwa ndili woonda ngati bango. Diresi laukwati ndinasoka ndekha, popeza ndine telala, ndipo ndinalibweza kangapo tsiku lisanafike chifukwa thupi linkangothera m'kati mwake. Anthu a pa Chisepo ankati ndi nkhawa za ukwati. Sizinali nkhawa. Kunali kutsekula m'mimba kwa magazi komwe kunandiyamba ndili mtsikana, kumapita, kumabweranso, osatsazika. Zimbudzi za pakati pa Chisepo ndi Ntchisi Boma ndinkazidziwa zonse, zachitseko ndi zotchinga ndi chiguduli, ndipo ndikakwera minibasi ndinkayamba ndapangana ndi kondakitala kuti ndikagogoda aime osafunsa mafunso.

Mankhwala a kamwazi ndinamwa mpaka kuloweza mayina ake. Mayi anga, amene Lamulungu amaimba kwaya mzere wakutsogolo, Lolemba ankafika ndi mizu m'kabotolo, ndipo nayonso ndinkamwa. Magazi ndinayezetsa kangapo, matenda amene aliyense ankawaganizira aja osapezeka, koma munthu woonda sangazimitse mphekesera. Ndinangozisiya, ndinalibe mphamvu zokangana ndi msika wonse.

Chaka choyamba cha banja chisanathe ndinagwa pamakina osokera. Ananditengera ku Lilongwe, ndipo kumeneko anapeza kuti thumbo lalikulu lonse ndi zilonda zokhazokha, latupa, latsala pang'ono kuphulika. Anati matendawa sabwera ndi madzi oipa kapena ndi munthu wa kaduka, ndi thupi lomwe limadziukira lokha. Analichotsa thumbolo. Nditatsitsimuka ndinapeza kumanja kwa mchombo kuli kansonga kofiira ka thumbo laling'ono katatulukira panja, ndipo pamwamba pake atamatapo kathumba ka pulasitiki. Zimene anthu ena amakasiya kuseri kwa nyumba, ine zinayamba kugwera m'menemo, popanda kundifunsa.

Ndinakada kathumbako kuyambira tsiku loyamba. Kanandipulumutsa, izo ndikudziwa, koma si aliyense wokupulumutsa amene umafuna kugona naye m'chipinda chimodzi.

Tisanatuluke m'chipatala, dokotala amene anandipanga opaleshoni anatiitana ine ndi amuna anga. Anali mayi wamfupi, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Muli ndi ana?" anafunsa.

"Ayi," ndinayankha.

"Mukuwafuna?"

Amuna anga anayang'ana nsapato zawo. Iwo ndi mlimi wa fodya, ndipo amatha kutembenuza tsamba limodzi nthawi yaitali asananene kuti lili m'gulu liti. Nkhani zonse za m'banja amazigwira chimodzimodzi. Ndinawayankhira kuti inde, tikuwafuna.

"Ndiye mvetserani," anatero dokotala. "Chaka chino musayerekeze. Mabala apole, magazi abwerere, thupi linenepe. Mimba ikabwera panopa ipeza m'nyumba mulibe kanthu. Chachiwiri ndi ichi. Kathumbaka tikhoza kudzakachotsa. Pali opaleshoni ina yolumikiza matumbo m'kati kuti muzipita kuchimbudzi monga anzanu. Koma imeneyo timaichitira pansi penipeni, pafupi ndi njira zomwe mazira amadutsa, ndipo zipsera zake zimatha kutseka njirazo. Ena amaberekabe, ena zimawavuta. N'chifukwa chake amayi ena amayamba abereka kathumba kali pomwepo, kenako n'kudzatseka."

"Mimba pamodzi ndi chimenechi?" ndinafunsa.

"Zimatheka bwinobwino."

"Chotsani," ndinatero. "Ngakhale mawa lomwe."

Anaseka, n'kunena kuti mawa ayi, ndipite kaye ndikanenepe, nthawi ikakwana adzandiimbira foni kuti ndiwauze zomwe ndaganiza. Za kulera kwa chaka chimenecho tinamvana komweko, ndipo abambo mfumu a ku parishi kwathu sindinawavutitse nazo, ali ndi nkhani zambiri kale.

Titabwerera ku Chisepo, odziwa za kathumba anali awiri okha, amuna anga ndi mayi anga, ndipo onse ndinawalumbiritsa. Ena onse ankangodziwa kuti anandipanga opaleshoni ya m'mimba ndipo ndachira. Kuchira ndinachiradi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga chakudya chinayamba kukhala m'thupi. Masaya anatuluka, manja anadzaza, khungu linayamba kuwala, moti ndinkadziyang'ana pagalasi la makasitomala mopitirira muyezo.

Vuto linali lobisa kathumbako, pakuti kakadzaza kamatukumuka. Apa ndi pamene utelala unandithandiza. Ndinapita kumsika wa ku Dzaleka, komwe kumapezeka zitenje zokongola, ndipo ndinadzisokera madiresi otayatayataya, odula pansi pa mabere, ogwa ngati belu. Chitenje ndinasiya kumanga m'chiuno, ndinayamba kumangira pamwamba. Dzanja langa lamanja linazolowera kupita pamimba palokha, kukafufuza ngati zonse zili bwino, kaya ndili pamsika, kaya pamaliro.

Kadyedwe nakonso kanasintha. Chimanga chootcha ndinasiya, mtedza wokazinga ndinasiya, nkhwani ndinkadya ya masamba okhaokha yofewa kwambiri, chifukwa zolimba zimatha kutsekereza panjira. Mchere ndinkathira wambiri ndipo madzi ndinkamwa pafupipafupi, monga anandiuzira anesi. Kutchalitchi ndinasamukira benchi ya pafupi ndi khomo. Kathumba kalibe ulemu. Nthawi ya kwaya kamakhala phee, koma belu likalira, anthu onse atagwada, mpamene kamayamba kulankhula, ndipo ine ndinkadzuka msangamsanga dzanja lili pamimba kuthamangira kuseri. Mwezi ndi mwezi ndinkakweranso minibasi kupita ku Lilongwe kukatenga timatumba tatsopano.

Tsopano taikani zonsezi pamodzi monga anaziikira amayi a pa Chisepo. Mkazi wa banja latsopano wanenepa, wawala, wavala madiresi otaya, akusankha zakudya, akutuluka pakati pa Misa atagwira mimba, ndipo mwezi uliwonse akupita kuchipatala cha m'tauni. Ngakhale ine ndikanaona mnzanga akutero ndikanayamba kumusokera malaya ena.

Koma kwathu mimba yoyamba safunsa. Mwini wake sanena, anzake sanena, onse amangoyang'ana kumbali mpaka akuluakulu atabwera kudzamulangiza pamwambo umene timautcha chisamba. Choncho palibe amene anandiuza kanthu. Ndinangoona kuti dziko layamba kundikonda. Kumjigo ankandilanda ndowa. Pamzere wa kuchigayo ankandipititsa kutsogolo. Ndikaima pakhomo la shopu yanga kuonera msewu, mayi wina wodutsa ankandikalipira kuti ndisankhe, kulowa kapena kutuluka, osaima pakhomo. Tsiku lina ndikugula mazira, wogulitsa anandifunsa kuti ndi a abambo kunyumba, eti, ndipo nditati ndi anga anapukusa mutu. Apongozi anga, mayi a amuna anga, anayamba kutumiza mapeyala ndi mbatata kuchokera kumapiri a ku Ntchisi. Ine ndinkati anthu akumvera chisoni munthu wodwala, ndipo kunena zoona ndinkasangalala nazo. Mapeyalawo ndinkadya onse ndekha.

Loweruka lina masana, mvula ili pakati, ndinamva njinga yamoto ikuima pabwalo. Anatsika apongozi anga, matope mpaka m'mawondo, nkhuku kukhwapa, dengu la ufa pamsana pa njinga. Ndisanamalize kuwalonjera, pamsewu panatulukira alangizi awiri a kutchalitchi, omwe anatilangiza za ukwati aja, ndipo pambuyo pawo mayi anga akubwera pang'onopang'ono ngati akupita kukayankha mlandu. Anakaitana amuna anga kuchigafa komwe ankapachika fodya. Nkhuku inaperekedwa kwa oyandikana nawo nyumba kuti aikonze.

Anayala mphasa m'nyumba, n'kundikhazika pansi miyendo yotambasula, amuna anga pambali panga. Mlangizi wamkulu, mayi wa mawu onga a mwamuna, anatsogolera pemphero lalifupi, kenako anandiyang'ana.

"Mwanawe, ife maso tili nawo," anatero. "Takhala chete kufuna kuti chikhwime. Lero tabwera kudzakuuza kuti m'thupimo suli wekha."

Apo mpamene ndinamvetsa za ndowa, za mazira ndi za kuima pakhomo. Mawu amenewo anandikomera. Anandikomera kwambiri moti ndinafuna kuti akhale oona, ngakhale kwa kanthawi kochepa, ndipo ndinakhala chete n'kumamvetsera ngati mwini mimba weniweni. Mlangizi anatembenukira kwa amuna anga, kuwauza kuti kuyambira lero maso akhale m'nyumba, zoyendayenda zimavutitsa mkazi pobereka, ndipo mtolo wa nkhuni auphunzire kusenza. Amuna anga anavomera zonse ndi mutu, thukuta lili kamukamu, akundiyang'ana cham'mbali kuti ndiwapulumutse.

Mlangizi atapuma kuti ameze malovu, m'nyumba muli zii, kathumba kanalankhula. Kanalira motalika, mokoka, monga kamachitira belu likalira kutchalitchi.

Apongozi anamwetulira mpaka maso kutsekeka. "Tamumvani," anatero. "Adzakhala wolongolola ngati amake."

Ndinaphulika kuseka. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kusiya, kuseka kunathera panjira, ine ndikulira ngati mwana. Kenako mkwiyo unandigwira, sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani. Ndinamasula chitenje, n'kukweza bulauzi.

"Mwana wanuyo ndi uyu," ndinatero.

Anayang'ana onse. Kathumba kanali pamenepo, kodzaza theka, ndipo chipsera cha opaleshoni chikutsika pakati pa mimba. Mlangizi wamng'ono anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana mayi anga, amene ankadziwa zonse koma anabwera nawo.

"Za kathumbazo ndimadziwa," anatero mayi motsitsa mawu. "Koma nditaona mmene wanenepera, ndinati mwina zonse ziwiri zilimo."

Amene ndinkawaopa anali apongozi. Chifukwa chenicheni chobisira chinali chimenecho. Ndinali nditamvapo za akazi amene apongozi awo anayamba kufunira ana awo akazi ena, mwakachetechete, pa zifukwa zochepa kuposa izi. Iwo anayang'ana kathumbako nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, pakamwa pako anakusoka ndi mkazi wakoyu?" anafunsa. "Munthu akusenza zoterezi, ine ndikumutumizira mapeyala ngati chitsiru?" Atatero anandiyang'ana ine. "Zimapweteka, apongozi?"

Ndinati sizipweteka, zimangotopetsa. Anagwedeza mutu, n'kunditsitsira bulauzi ndi manja awo.

Mlangizi wamkulu sanali munthu wotaya nthawi ndi manyazi. Anafuna kudziwa zonse, kuti kamamatidwa bwanji, ndimasamba bwanji, ndipo ngati mwana atadzabwera angakhale pati. Ndinamufotokozera monga anandifotokozera dokotala, za chaka chodikira, za opaleshoni yotseka, za zipsera ndi njira za mazira. Ndikulankhula choncho ndinazindikira kuti nkhaniyo ndikuimva koyamba. Ku Lilongwe kuja makutu anga anangotola mawu amodzi okha, akuti kuchotsa.

"Ndiye iwe wasankha chiyani?" anafunsa mlangizi.

"Kutseka," ndinayankha, nditakonzeka kale kumenyana ndi nyumba yonse.

Palibe ananditsutsa, ndipo zimenezo zinandinyansa kwambiri. Munthu wanola mpeni, n'kupeza palibe chodula.

"Thupi ndi lako," anatero mlangizi. "Koma ife tabwera kale, nkhuku yafa kale, ndipo msewu wa ku Ntchisi mvula ino suyendeka kawiri. Khala bwino timalize. Malangizo saola, udzawagwiritsa ntchito ukadzawafuna."

Ndipo anamalizadi. Anatulutsa amuna anga panja, n'kundiuza zonse zimene mkazi wa mimba yoyamba amauzidwa, za zizindikiro za tsiku lake, za kupirira, za kuyamwitsa, zina zanzeru, zina zoti anesi akanazimva akanakomoka. Tinadya nkhuku ija. Ndikukhulupirira kuti m'Dowa monse ndine ndekha amene anavinidwa chisamba m'mimba muli mapeyala okhaokha.

Lolemba lake Chisepo yonse inali itadziwa. Ndinkayembekeza kuti makasitomala athawa, koma anachuluka, ena kudzasoketsa, ena kudzangondiyang'ana pamimba. Ndowa kumjigo anasiya kundilanda, ndipo zimenezo zokha ndi zomwe ndinadandaula.

Foni ya kuchipatala inabwera nthawi yokolola. Anati chaka chakwana, malo a opaleshoni apezeka, ndipite tikakambirane. Ndinatseka shopu n'kupita kuchigafa, komwe amuna anga ankasankha fodya.

"Ayimba," ndinatero. "Inu mukuti bwanji?"

"Thupi ndi lako," anayankha, maso ali patsamba.

"Mawu amenewo ndatopa nawo. Aliyense akuti thupi ndi langa, thupi ndi langa, ngati ndikulikana. Ndikufunsa inu. Mwana mukumufuna kapena ayi?"

Anaika tsamba lija pansi. "Ndikumufuna kwambiri," anatero. "Ndikaona anzanga atanyamula ana paphewa ndimayang'ana kumbali. Koma amene amadzuka kukatsuka kathumbako si ine. Ndingakupemphe bwanji kuti ukasunge zaka zina chifukwa cha ine?"

"Ndiye bwanji osanena kalekale?"

"Ukanandilola kumaliza?"

Pamenepo anandipeza. Ndinakhala pa belo la fodya n'kuganiza za Loweruka lija, za kanthawi kamene ndinakhala pamphasa ndili mayi woyembekezera m'maso mwa anthu onse, ndi mmene mtima wanga unakanira kuwatsutsa. Kathumba ndinkakada, koma mwana ndinkamufuna kuposa mmene ndinkakadera.

Ku Lilongwe ndinauza dokotala kuti malowo apatse wina. Anandiyeza magazi, anandikweza pasikelo, anandisinthira mankhwala ena, kenako anati tsopano tikhoza kuyamba kuyesa. Anawonjezera kuti sakundilonjeza kanthu, pakuti ngakhale opaleshoni yoyamba ija imasiya zipsera zake.

Ndipo kunalibedi lonjezo. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Mwezi uliwonse ndikaona kuti palibe, ndinkakalipira makina, ulusi, nkhuku za eni ake, ndi amuna anga amene analibe kothawira. Tsiku lina kathumba kanamatuka ndili paukwati wa kasitomala wanga, nditavala diresi labwino kuposa onse amene ndinasokapo, ndipo ndinabwerera kunyumba nditadzikulunga chitenje chobwereka. Tsiku limenelo ndinatenga foni kuti ndiimbe ku Lilongwe anditseke basi. Ndinaigwira m'manja mpaka inazima yokha, n'kuibweza m'thumba la diresi.

Mimba itabwera, ndinadziwa ndi ine ndekha, kenako amuna anga, kenako dokotala. Pa Chisepo palibe anayerekeza kunena kanthu. Amayi omwe aja, atapsa kamodzi, ankandiona mimba ili patsogolo ngati dengu n'kumandifunsa za mtengo wa zipi. Apongozi anabwera kudzacheza, anandiyang'ana, anayang'ana kudenga, n'kuyamba kukamba za mbewa zomwe zavuta kumunda. Anabwerera ku Ntchisi osatchula kanthu, koma mapeyala anayambiranso kufika.

Sizinali zophweka. Mimba ikamakula khungu limakokeka, timatumba tinkavuta kumata, ndipo kumapeto kansonga kaja sindinkakaonanso, kanabisala kuseri kwa phiri. Amuna anga ndiwo ankadula bowo la kathumba ndi sizasi yanga yosokera n'kumandimata, mosamala ngati akugwira fodya wa mtengo wapamwamba. Miyezi yomaliza ndinakadikirira ku Lilongwe, pafupi ndi madokotala, ndipo mwana anabadwa pa opaleshoni. Anali wamkazi, wa tsitsi lambiri, ngakhale mazira ndinadya mimba yonse.

Panopa akuyenda ndipo akulankhula, ndipo shopu yanga amaiyesa yake. Tsiku lina ndikuyeza kasitomala ndinamva anthu akuseka pakhonde. Nditatuluka ndinamupeza atakweza kadiresi kake, atalowetsa kapepala ka pulasitiki ka shuga m'mphepete mwa kabudula, kumanja kwa mchombo, akuonetsa aliyense wodutsa monyadira. "Changa," ankatero. "Ngati cha amama." Ndinaseka nawo anthuwo, kenako ndinalowa kuseri kwa katani yoyezera zovala n'kukhala kaye pamenepo mpaka nkhope itauma.

Mwezi wathawu ndinapita naye ku Lilongwe kukaonedwa. Dokotala wanga uja, tsitsi layamba imvi tsopano, anamupatsa cholembera kuti aziseweretsa, n'kutembenukira kwa ine.

"Mwana mwapeza," anatero. "Thupi lili bwino. Tsopano tikupatseni tsiku, tichotse mdani wanu uja?"

Mdani ndi mdanidi, mpaka lero sindinakakonde. Kamandidzutsa, kamandiyabwa nthawi yotentha, kamandichititsa manyazi pamene sindikuyembekeza. Ndinayang'ana mwana wanga ali pansi, akujambula mizere pamwendo wake, akudziyankhula yekha chifukwa panalibe wina woyankhula naye.

"Dikirani kaye, adokotala," ndinatero. "Uyu alibe mng'ono wake."